Tsamba Loyamba la Kamphepo

1. Lamulo la Mayi Mkonzi

Mutayenda m'maofesi onse amene munthu angalowe, a makapeti ndi a simenti omwe, simungapeze wophunzira ntchito wachangu ngati Kamphepo. Dzinali anamupatsa ndi achikulire a pa bungwe losamalira okalamba, tsiku loyamba lenilenilo. Anadutsa m'holo yawo foni ili kudzanja ili, kope kudzanja linalo, mpaka mapepala a pa tebulo anauluka.

"Chadutsa apachi ndi munthu kapena kamphepo?" anafunsa mayi wina amene ankaluka juzi.

Holo yonse inafa nako kuseka, ndipo dzinalo linamukakamira.

Kamphepo ankaphunzira utolankhani ku koleji. Ku bungweli anabwera kudzaphunzira ntchito kwa miyezi itatu, mu ofesi yofalitsa nkhani. Ofesiyo inali kachipinda kamodzi ka makompyuta awiri, kabati ya mafomu, ndi zenera loyang'ana pabwalo pamene achikulire ankawongolera miyendo m'mawa. Ntchito yaikulu ya m'menemo inali kalata ya masamba anayi yotuluka kamodzi pamwezi. Kalatayo inkapita kwa anthu othandiza bungwe ndiponso kwa abale a wokalamba aliyense.

Koleji inali ndi lamulo lake. Mphunzitsi akabwera kudzayendera, wophunzira ankayenera kuonetsa nkhani imodzi yosindikizidwa, yokhala ndi dzina lake. Wopanda nkhani ankabwereza maphunziro a ntchitowo chaka chinacho. Mphunzitsi wa Kamphepo ankabwera Lachitatu la sabata yotsatira, choncho kalata ya mwezi umenewo ndiyo inali mwayi wake wokhawo.

Mkulu wa ofesiyo, amene onse ankangomutchula kuti Mayi Mkonzi, anamuitana Lolemba m'mawa.

"Tsamba loyamba ndi lako," anatero. "Koma khala kaye pansi. Pampando, osati m'mphepete mwa mpando."

Kamphepo anakhala.

"Tamvera, mwanawe. Muno nkhani situluka mwiniwake asanaimve ndi makutu ake. Sitimutumizira pepala ayi, chifukwa ambiri mwa iwowa maso anatha. Umapita, n'kukhala naye pansi, n'kumuwerengera mokweza. Mutu wa nkhani, mawu onse, ndipo chithunzi umamuonetsa. Akati inde, ndiye kuti inde. Akati ayi, ngakhale utalemba mokoma bwanji, timachotsa. Anthu awa ndi makolo a anthu. Iwe miyezi yako itatu ikatha udzanyamula chikwama n'kumapita. Iwo adzatsala ndi zimene walembazo, pamaso pa ana awo ndi anansi awo. Madzi akatayika saoleka, nanji inki. Wamva?"

"Ndamva, mayi," anayankha Kamphepo, phazi limodzi lili kale pakhomo.

2. A Dalaivala

Posankha munthu womulemba, Kamphepo sanavutike. M'holo monse munalibe wina woposa a Dalaivala. Mkuluyu anali ndi zaka makumi asanu ndi atatu, ndipo ankabwera Lachiwiri ndi Lachinayi lililonse atavala jekete ndi tayi, nsapato zikuwala moti munthu akanatha kupesera tsitsi.

Lachiwiri anakhala naye m'kachipinda ka alendo. A Dalaivala anasaina fomu yololeza kufunsidwa, ndipo Kamphepo anaika foni pa tebulo kuti ijambule mawu.

"Mdzukulu, batire ya kafoni kakoko ikwana?" anafunsa a Dalaivala. "Ine ndikayamba kufotokoza, anzako amakatchaja kawiri."

"Ikwana, agogo. Yambani."

"Lemba kuti ndadutsa malire a maiko asanu ndi anayi. Ndadya m'mahotela momwe mpando amachita kukukokera munthu wina, ndagonanso pansi pa lole mvula ikukhuthuka. Ndinayamba ngati wotsuka matayala, wopanda ndi nsapato zomwe. Palibe anandigwira dzanja. Chiwongolero ndinachiphunzira ndi maso, poonera anzanga. Pofika zaka makumi atatu ndinali ndikuyendetsa lole ya matayala makumi awiri ndi awiri."

Anafotokoza za tsiku limene mabuleki anafa ali pamwamba pa phiri, atasenza matumba a simenti. Anatsika phiri lonselo ndi magiya okha, dzanja lina lili pa hutala, mpaka kukaima pafupi ndi msika osagunda ngakhale mbuzi. Pofotokozapo ankasintha magiya m'malere, mapazi akuponda pansi pa tebulo. Ola lathunthu linatha ngati mphindi zisanu.

Kamphepo anathokoza, n'kuzimitsa foni, n'kuiika m'chikwama. M'chipindamo munkatentha. A Dalaivala anavula jekete, namasula tayi, naweramitsa mutu.

"Koma kagalimoto kanga ndinasiya kuyendetsa," anatero motsitsa mawu. "Mwana wanga anandilanda makiyi. Zaka zitatu tsopano sanapondepo pakhomo panga."

Nthawi yomweyo Wazithunzi, mnzake wa Kamphepo wa ku koleji amene ankaphunzira ntchito yojambula, ankadutsa pakhomo. Anakweza kamera, n'kujambula, n'kupitirira. Belu la tiyi linalira, ndipo a Dalaivala anavala jekete yawo n'kutuluka.

Kamphepo sanafunsenso china. Anathamangira ku ofesi, zala n'kuyamba kuvina pa kompyuta. Pofika Lachitatu madzulo tsamba linali litatha. Pamwamba panali chithunzi cha nkhalamba yoweramitsa mutu, ndipo mutu wa nkhani unali wa zilembo zikuluzikulu: MWANA ANANDILANDA MAKIYI N'KUNDITAYA.

3. Mpando wopanda munthu

Lachinayi linali tsiku lotumiza kalata kwa osindikiza. Mayi Mkonzi anawerenga tsambalo ali chiimire, chikwama chili paphewa, chifukwa ankapita ku msonkhano.

"Cholembera chako n'chakuthwa," anatero. "Mwiniwake waimva?"

"Aimva lero, mayi. Lero ndi tsiku lawo."

"Osindikiza akufuna zonse pofika 3 koloko. Ndikuimbira kutatsala mphindi khumi, ndipo ndikufunsa funso limodzi lokha."

Kamphepo anadikira. Nthawi ya tiyi inadutsa, mpando wa a Dalaivala uli wopanda munthu. Dzuwa litafika paliwombo anapita kwa namwino wa bungwe.

"Sabwera lero," anatero namwino. "Mwendo watupa, ndawauza kuti apume kunyumba. Foni usavutike nayo, amaisunga yozimitsa m'thumba la jekete."

Atabwerera ku ofesi anapeza Wazithunzi atakweza miyendo pa tebulo.

"Iwe, nkhope wakwinyiranji?" anafunsa Wazithunzi. "Fomu anasaina mkuluyo. Ndinaona ndi maso angawa."

"Anasaina kuti ndiwafunse. Nkhaniyo sanaimve."

"Ndiye Mayi Mkonzi akaimba ungoti avomera. Akafunse ndani? Mkuluyo maso alibe, kalata saiwerenga. Chithunzi changa chabwino chotere chiwolere mu kompyuta chifukwa cha mwendo wa munthu? Nanga iweyo ukufuna kudzabwereza chaka chamawa, ife tikuvala mikanjo ya omaliza maphunziro?"

Kamphepo anaseka, uku akusindikiza tsambalo pa pepala.

"Bodza ndinenerenji pamene miyendo ndili nayo? Ndipita, ndiwerenga, avomera, ndibwerako. Nkhani yokoma chonchi angaikane ndani?"

Namwino anamulembera njira pa kapepala. Inali minibasi ziwiri. Yoyamba inathamanga bwino. Yachiwiri inaima pa siteji kudikira kuti idzaze, kondakitala akulumbira kuti watsala munthu mmodzi yekha, pamene mipando inayi inali yopanda anthu. Kamphepo anafika pakhomo pa a Dalaivala nthawi itadutsa 2 koloko ndi mphindi makumi awiri.

4. Theka la msewu

Nyumbayo inali ya zipinda ziwiri ndi khonde. Pambali pake panali kagalimoto kofunditsidwa lona, kataikidwa pa njerwa. M'kati, pakhoma, munali mapu aakulu obayidwa mapini, ndipo pafupi pake panapachikidwa chiwongolero chakale cha lole. A Dalaivala anali pampando, mwendo uli pa kasitulu.

"Kamphepo wafika mpaka kuno! Dikira, usayambe. Ndipatse jekete ili pa msomaliyo. Nkhani yanga sindingaimve nditavala malaya okha ngati munthu wobwera kudzapempha mchere."

Atavala, anakweza chibwano ngati woweruza milandu.

Kamphepo anadumpha mutu wa nkhani n'kuyamba ndi ndime za pa msewu. Anawerenga za maiko asanu ndi anayi, za mahotela, za lole ya matayala makumi awiri.

"Ima pomwepo!" anakuwa a Dalaivala. "Makumi awiri ndi awiri! Awiri enawo wakagulitsa kuti?"

Onse anaseka, ndipo Kamphepo anakonza ndi cholembera. Atafika pa nkhani ya phiri, mkuluyo anamenya tebulo ndi chikhatho, n'kumuuza kuti abwereze ndimeyo kawiri.

Kenako anafika pa za makiyi. Anawerenga kuti munthu amene anayenda maiko onsewo tsopano amakhala yekha, mwana wake atamulanda galimoto n'kumuiwala. A Dalaivala sanamenyenso tebulo.

"Mutu wa nkhaniyi ukuti chiyani?" anafunsa.

Kamphepo anawerenga.

"Chithunzi?"

Anawapatsa pepalalo. Analiyandikiza kumaso mpaka kukhudza mphuno, n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

"Munthu uyu ndani? Wopanda jekete, mutu pansi ngati nkhuku yonyowa ndi mvula? Ameneyu si ine."

Anaika pepala pa tebulo, nayankhula pang'onopang'ono.

"Mdzukulu, foni ija unali utazimitsa. Ndinakuona ndi maso anga otha omwewa ukuiika m'chikwama. Ili pa tebulo ndinkayankhula ndi mtolankhani. Italowa m'chikwama ndinkayankhula ndi mdzukulu wanga. Kusiyana kwake sunakuone?

"Ndiponso unangomva theka. Sunafunse kuti makiyiwo anandilandiranji. Ndinagunda geti ya sukulu, ana atangotuluka kumene. Geti yonse ija sindinaione. Ine, munthu wotsika phiri popanda mabuleki! Mwana wanga anabwera, anagwada apa pamene wakhala iwepa, n'kundipempha makiyi mwaulemu. Ndinakana. Anadzuka n'kuwachotsa yekha pa msomali. Tsono ine, chifukwa cha manyazi, pamaso pa mkazi wake ndi ana ake, ndinamuuza kuti asadzapondenso pakhomo pano mpaka nditafa. Sananditaye ayi. Ndinamuthamangitsa ndine. Iye akungomvera mawu a bambo ake, monga ndinamuphunzitsira.

"Amene anandilembetsa ku bungwe lanulo ndi iyeyo, kudzera mwa mkazi wake. Kalata yanuyo imafika m'manja mwake mwezi uliwonse. Ndi makaniko wamkulu pa galaja, ali ndi anthu omuopa ndi omulemekeza. Taganiza atatsegula kalata pamaso pa anthu amenewo n'kupeza bambo ake akumunena chonchi kwa dziko lonse. Kakhomo kakang'ono kamene katsala pakati pa ine ndi iye, iwe ukanakakhoma ndi misomali.

"Pa msewu tinkaphunzitsana kuti usanadutse lole ya mnzako, uone kutsogolo konse. Woona theka la msewu tinkakamutola kuphompho, ndipo sankafa yekha, ankapita ndi anthu osalakwa. Ntchito yakoyi ndi lole yodzaza, mdzukulu. Liwiro uli nalo, ndakuona. Koma safunsa anadya phula."

Kamphepo anayang'ana pepala lija. Mutu wa nkhani, chithunzi, chiyambi ndi mathero, zonse zinatsamira pa mawu a makiyi ngati denga pa mzati umodzi. Kuchotsa mawuwo kunali kulemba nkhani ina, ndi kujambula chithunzi china. Kunali kutatsala mphindi khumi ndi ziwiri kuti 3 koloko ikwane.

"Ndiye mukuti bwanji, agogo?"

"Ndikuti ayi."

5. Funso limodzi

Foni inalira m'chikwama. Kamphepo anatuluka nayo pakhonde, pamene mkuluyo sakanatha kumva.

"Ndili pa kompyuta, chala chili pa batani," anatero Mayi Mkonzi. "Avomera?"

Kamphepo anasuzumira pa zenera. A Dalaivala ankawongola kolala ya jekete yawo, maso ali pa mapu a pakhoma.

"Akana, mayi."

"Akana ndime imodzi kapena yonse?"

"Ichotseni yonse. Ndinalemba zimene anandiuza foni nditazimitsa, ndipo sindinafunse kuti zinayamba bwanji. Mutu wa nkhaniwo ndi wabodza. Wolakwa ndine, osati iwo."

Mayi Mkonzi anafunsanso:

"Ukudziwa kuti kalata ina idzatuluka mphunzitsi wako atabwera kale?"

"Ndikudziwa."

"Udzamuonetsa chiyani?"

"Ndidzamuuza zimene zachitika. Akadzati ndibwereze, ndidzabwereza. Nkhani ndidzalemba zambiri, mayi, manja ndili nawo. Koma iyi isatuluke."

"Chabwino. Tsamba loyamba ndiika zithunzi za masewera a m'mawa, mnzako Wazithunzi asalire. Lachitatu ndidzakhala nawe m'chipindamo pamene ukuyankhula ndi mphunzitsi wako. Sindikukulonjeza kanthu, koleji si yanga. Koma ndidzanena zimene ndaona lero."

Foni inaduka. Kamphepo anaima pakhondepo pang'ono, napukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kulowanso m'nyumba.

6. Kalata ya munthu mmodzi

"Wawauza chiyani abwana ako?" anafunsa a Dalaivala.

"Kuti mwakana."

"Iwe wataya chiyani pamenepa? Usandinamize, nkhope yako ikuoneka ngakhale kwa wakhungu."

Kamphepo anawafotokozera za mphunzitsi, za Lachitatu, ndi za kubwereza chaka. Mkuluyo anamvetsera, akugwedeza mutu.

"Unatuluka panja. Ukananena kuti ndavomera, ine sindikanamva."

"Simukanamva."

"Hmm." Anakanda chibwano. "Ine mayeso a laisensi ya lole ndinalephera kawiri. Kachitatu woyesa uja anachita kundigwira chanza ndi manja awiri. Chaka si kanthu kwa munthu wodziwa kumene akupita. Cholembera chija chikadalipo?"

"Chilipo."

"Tsegula tsamba latsopano. Ndakumva ukuwerenga mawu anga, ndipo kwa nthawi yoyamba ndadzimva mmene ndimamvekera. Zaka zitatu ndakhala ndikuuza anthu theka lokhalokha, mpaka theka limenelo latsala pang'ono kusindikizidwa. Lemba ina. Iyi si ya osindikiza, ndi ya munthu mmodzi."

Kamphepo anakhala pansi, kope pa bondo.

"Lemba kuti: Mwana wanga."

Analemba. Munthu amene Lachiwiri anayankhula ola lathunthu osameza malovu, tsopano ankasakasaka mawu ngati makiyi otayika mu udzu. Kamphepo sanawafulumizitse. Anangodikira, cholembera chili m'mwamba.

"Lemba kuti: Makiyi aja unachita bwino kutenga. Geti ija sindinaione. Mawu amene ndinanena pamaso pa ana ako ndawabweza. Pakhomo pano ndi pako. Ndine bambo ako."

"Basi?"

"Basi. Ukufuna ndiwonjezere za matayala?"

Kamphepo anawawerengera kalatayo mokweza, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. A Dalaivala anatseka maso, ndipo atamaliza anati, "Imeneyo ndiye inde." Anasaina m'munsi ndi zilembo zazikulu zokhotakhota.

"Ndikaiponye ku positi?"

"Ayi! Mwana ameneyo mutu wake ndi wanga womwewu. Akangoona dzina langa pa envulopu, aiponya m'kabati ya masipanala osatsegula. Upite wekha mawa. Galaja yake ili kuseri kwa siteji yaikulu ya mabasi, ya zitseko zobiriwira. Ukafunse makaniko wamkulu. Usakamupatse pepala m'manja. Ukamuwerengere mokweza, monga wandiwerengera ine."

"Ndiyamba ndapempha kwa Mayi Mkonzi."

"Kapemphe. Ukawauze kuti ndakutuma ndine."

"Nanga akakandithamangitsa, agogo? Sandidziwa n'komwe."

"Akhoza kutero. Ndi waukali, anatengera kuno. Akakakutulutsa, ukaime pa geti n'kuyamba kuwerenga pomwepo. Ndi mizere isanu yokha. Asanapeze mawu okukalipira, iwe udzakhala utafika pa dzina langa."

Kamphepo anang'amba tsambalo mosamala, nalipinda kanayi, naliika m'thumba la malaya. Anaimirira, chikwama paphewa.

"Galajayo amatsegula nthawi yanji?"